Mtima wa Zipinda Zitatu

Uphunzitsi ndinaulowera pawindo. Chaka chimene boma latsopano linalengeza kuti pulayimale ndi yaulere, ana anatuluka m'midzi ngati inswa, aphunzitsi n'kuchepa. Ndiye anatitola ife a kasatifiketi ka Fomu 2, kutiphunzitsa masabata owerengeka, kutipatsa choko, basi kaphunzitseni. Ine anandiika pa sukulu ina ya mpingo m'chigwa cha Hewe, kumpoto, n'kundipatsa Sitandade 5.

Ku Heweko ndinapitira banja. Bambo a ana anga anali mlangizi wa zaulimi, ndipo atamwalira ndinatsala ndi ana awiri aakazi pa dziko la eni. Kwathu ku Ntcheu munda wa amayi anali atagawana kale achemwali anga. Ntchito imeneyi ikanandithera, ndikanakwera lole ndi ana anga osadziwa kokatsikira. Ndikunena izi kuti mumvetse mantha anga, osati kuti mundikhululukire.

Kumeneko sukulu si nkhani yamasewera. Ukhoza kukumana ndi nkhalamba itasenza nkhuni, iwe kuipatsa moni m'Chichewa, iyo n'kukuyankha Chingerezi chosalala, iwe n'kuyamba kutuluka thukuta. Ife atsopanofe ankatitcha aphunzitsi a masabata awiri, ndipo mphekesera inali ponseponse yoti amene aoneke ofooka awachotsa akangobwera ophunzira ku koleji. Ine ndinali ndi milandu iwiri: sukulu yochepa, komanso Chitumbuka chongodziwa monire ndi yewo, moni ndi zikomo basi.

Pafupi ndi kalasi yanga makolo anali ataumba njerwa zomangira buloko ina, n'kuziotcha, uvuni uli chiimire. Woyang'anira njerwazo anali bambo wina wa m'komiti ya sukulu, yemwenso anali mkulu wa mpingo. Anali wamtali, wa imvi za m'mbali, ndipo taye sankaivula ngakhale dzuwa la Okutobala liswe mtengo. M'thumba la malaya munkakhala zolembera zitatu. Banja lawo aliyense ankalidziwa: mng'ono wawo wina anali dokotala pa chipatala cha mishoni, wina ankaphunzitsa ku sekondale m'tauni, mlongo wawo namwino. Ana asukulu akamadutsa pakhomo pawo ankayamba abisa kusi kwa malaya m'kabudula.

Mawindo a kalasi yanga analibe magalasi, anali mabowo chabe. Tsiku lina ndikulemba pabolodi ndinamva munthu akutsokomola panja. Nditasuzumira ndinapeza bambo aja atakhala pa njerwa, msana atatsamira khoma, pansi penipeni pa windo. Pabondo panali kope, ndipo ankalemba.

"Monire, adada," ndinatero.

"Yewo, asambizgi. Pitirizani, ine ndikungoona njerwa."

Asambizgi ndiye kuti aphunzitsi. Mawu aulemu, koma ine ndinawamva ngati akundinena. Njerwa zinali kumanzere kwawo, kope linali pabondo, khutu linali kwa ine. Ndikalankhula, cholembera chinkayenda. Ndikasiya, nacho chinkaima. Mawa lake anabweranso, mkuja wakenso, mpaka njerwa ija inachita kusalala.

Ndinapita kwa ahedi. "Ahedi, kodi kuno njerwa zimathawa?"

Iwo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Bwanji, madamu?"

"Zikuchita kufuna mlonda wa taye, wolemba m'kope tsiku ndi tsiku?"

"Asiyeni, madamu. Sakukulumani."

Anayankha mofulumira kwambiri, ndipo anayamba kusanja mapepala amene anali osanja kale. Chiyambire pamenepo ndinayamba kuona zimene poyamba sindinkaziona. Tikaweruka, awiriwo ankaima kuseri kwa ofesi n'kumanong'onezana m'Chitumbuka, kope lili lotsekula, ahedi akuloza ndi chala. Ine ndikangotulukira, kope phi, nkhani yasanduka ya mvula. Ndani sakanakayika?

Pa sukulupo panali mayi wina wogulitsa mandasi, wa ku Kasungu, yekhayo amene ndinkacheza naye Chichewa chakumudzi. Nditamufotokozera anaomba m'manja kamodzi.

"Inu asisi, mwaiwala kale? Dzana lomweli munthu ankasowa chifukwa cha kakope ngati kameneko. Boma lasintha, koma olembawo sanafe. Galu wamkota sakandira pachabe. Akukuwerengerani zolakwa amenewo, tsiku lina mudzangoona kalata."

Ndiye ngati kuti zimenezi sizinakwane, Lachisanu lina ndinapeza pakhonde panga kathumba ka nyemba zofiira, zosankha bwino, zopanda ndi kamwala komwe. Ana anga anati wabweretsa ndi bambo wa taye. Ha! Munthu akukukumbira dzenje, yemweyo akukupatsa ndiwo? Ndinanyamula kathumbako ndi nsonga za zala mpaka kwa mayi wa mandasi.

"Musayerekeze kudya," anatero iye. "Mukadya zimenezi lilime lizikulemerani m'kalasi. Bweretsani ndikataye kutali."

Nyemba zinkabwera Lachisanu lililonse, ndipo Lachisanu lililonse mnzangayo ankakataya kutali. Ana anga ankadya chisoso chopanda mafuta, iye masaya akunka nadzadza, ine osazindikira kanthu. Maso anga onse anali pawindo.

Ndinayesa zonse. Ndinayamba kuphunzitsa motsitsa mawu, bambo aja anangosendeza njerwa yawo kufupi. Ndinatchinga windo ndi chiguduli, ana anayamba kuwodzera ndi kutentha, ahedi anandilamula kuti ndichotse. Ndinatulutsa kalasi yonse kukaphunzira pansi pa mtengo, posakhalitsa ndinawaona ataima chapatali, akuti akuona ngati mtengowo ungapereke mthunzi pa buloko yatsopano. Ndinayamba kuchita chibwibwi pa mawu amene ndinkawadziwa bwinobwino. Choko chinkandithyokera m'manja. Ndinadana nawo bambo amene aja, kudana kwenikweni, moti ndikawaona akugawa mgonero kutchalitchi ndinkayang'ana kumbali.

Chimene chinkandipweteka kwambiri chinali chakuti ndinalibe umboni. Ndiye ndinaganiza zotchera msampha. Ndinati mumtima, munthu uyu ndi wa banja la madokotala. Ndikanena bodza loonekeratu pa nkhani ya thupi la munthu, alitola pompo, akanena kwa ahedi, ahedi andiitana. Akandiitana ndidzati ndimayesa ana, kenako ndidzafunsa pamaso pa onse kuti kodi wakuuzani ndani, ndipo anamutuma ndani kuti azindizonda. Nzeru imeneyi ndinaiona yakuthwa kwambiri, ndipo mayi wa mandasi anaivomereza.

Linali Lachiwiri, sabata yomaliza tisanatsekere tchuthi cha Khirisimasi. Ndinajambula mtima waukulu pabolodi. Mtima wa munthu uli ndi zipinda zinayi, zimenezo ndinkazidziwa ngati dzina langa. Koma ine ndinaugawa patatu. Ndinatembenukira kuwindo n'kukweza mawu, m'Chingerezi kenako m'Chichewa, kuti pasakhale wonamizira kuti sanamve.

"Mtima wa munthu uli ndi zipinda zitatu. Zingati?"

"Zitatu!" anakuwa ana.

Panja cholembera chinayenda. Ndinaona mutu wa imvi ukusuzumira pang'ono kuti uone chojambulacho, kenako unabwerera pansi. Ndinati eya, wadya nyambo.

Lachitatu ndinavala diresi yanga yabwino, kukonzekera mlandu. Ahedi anandipatsa moni ngati masiku onse. Njerwa ija inali yopanda munthu, ndipo ndinamva kuti bambo aja apita kumaliro ku Chitimba. Ndinauza ana kuti dzulo ndimakuyesani, nonse mwagwa, fufutani mulembe zinayi. Anafufuta akuseka. Lachisanu tinatsekera, palibe anandiitana. Tchuthi chonse ndinakhala ndikudikira kalata, ndikuganiza kuti nkhani yapita kumtunda, kwa akuluakulu a maphunziro ku boma. Njinga ikaima pakhomo, ndinkathamangira kukasuzumira ngati yabweretsa kalatayo.

Anabwera okha, Loweruka m'mawa, sukulu itatsala masiku awiri kutsekulidwa. Kunali kamvula kowaza, ine ndikupalira maungu kuseri kwa nyumba.

"Odi, asambizgi."

Poyamba sindinawazindikire. Analibe taye, ndipo m'thumba munalibe cholembera ngakhale chimodzi. Kope lija linali m'pepala la pulasitiki kukhwapa. Ndinasamba m'manja, kuwapatsa mpando pakhonde, ine n'kukhala pamphasa. Ndinati lero ndi lero.

"Ndabwera kudzathokoza," anatero, "komanso kudzatsanzika. Pawindo panu sindidzakhalaponso. Ndakusowetsani mtendere chomene."

Ndinadikira kuti mbola ituluke.

"Ine, asambizgi, sukulu ndinalekezera Sitandade 2. Ndine woyamba kubadwa. Adada anga anali ndi ng'ombe, ndipo anati mmodzi atsale azidyetsa kuti enawo aphunzire. Ndinatsala ndine. Ang'ono anga onse adutsa pa ng'ombe zimenezo. Anthu akaona taye amayesa nane ndinafika kumene anafika anzangawo, ndipo ine sindiwatsutsa. Kuwerenga ndinadziphunzitsa ndi buku la nyimbo. Ndiye nditamva kuti sukulu ndi yaulere, ndinati kodi yaulereyo ili ndi malire a zaka? Koma mkulu wa mpingo angakhale pansi pamodzi ndi adzukulu ake? Ndinapempha ahedi kuti andisungire chinsinsi, iwo n'kundiuza kuti khalani pawindo la madamu a ku Ntcheu, amafotokoza kawiri, m'Chingerezi ndi m'Chichewa. Chichewa ndinachiphunzira ku esiteti ndili mnyamata. Tikaweruka ahedi ankandithandiza pamene sindinamve."

Ndinakumbukira chiguduli chija, ndi mawu otsitsa aja, ndi nyemba.

Anamasula pulasitiki ija pang'onopang'ono. "Pa Khirisimasi ang'ono anga anabwera ndi mabanja awo. Zaka zonsezi akamacheza za m'mabuku ine ndimatuluka kukaona ng'ombe. Ulendo uno ndinati nane ndiponyepo liwu. Dokotala uja amafotokoza za wodwala mtima, ine ndinati, ee, paja mtima uli ndi zipinda zitatu. Ana ake anaseka mpaka wina anatsamwa tiyi. Iye anati zinayi, akulu. Ine ndinakana. Ndinati aphunzitsi anga anajambula pabolodi, ndinaona ndi maso angawa. Ndinachita kukatenga kope kuchipinda, pamaso pa alamu anga onse."

Anaima kaye, n'kupukuta madontho a mvula pa chikuto cha kope ndi chikhatho.

"Chinsinsi chinathera pomwepo. Mng'ono wangayo anatenga kope usiku wonse, m'mawa anandibwezera atazunguliza ndi cholembera chofiira malo atatu. Anati mphunzitsi ameneyu ndi wofunika kumunena. Ine ndinati ayi, mphunzitsi sangalakwe chonchi, ndine ndinakopera molakwa. Munthu wa pawindo amamva theka, amaona theka. Ndiye ndaona kuti mutu wakalamba, asambizgi. Ndisamadzinamize. Ndibwerere ku ng'ombe zanga."

Tamverani, zonse zimene ndinkafuna zinali zitabwera zokha pakhonde panga. Windo likanakhala lopanda munthu. Mlandu anali atausenza okha, ndipo dokotala anali atabwerera kuntchito kwake. Ine ndikanangoti pepani adada, ukalamba ndi choncho, yendani bwino, ntchito yanga ikanakhala pabwino. Kunena zoona kunali kuuza munthu wa m'komiti ya sukulu, m'maso muli gwa, kuti ndinaphunzitsa bodza mwadala. Pa mlandu wotero ngakhale wa ku koleji amachotsedwa. M'nyumba ana anga ankakangana za chipande, ndipo ndinkawamva bwinobwino.

Anayamba kubweza kope m'pulasitiki. Manja awo anali a munthu wogwira chingwe cha ng'ombe, osweka m'zala, ndipo ankalipinda pepalalo mosamala ngati muli dzira. Zinandikanika.

"Adada, simunakopere molakwa."

Anadzutsa mutu.

"Ndinanena zitatu. Ndinajambula zitatu. Ndinkadziwa kuti ndi zinayi."

Ndinawauza zonse, kuyambira tsiku la chifuwa chija. Ndinawauza kuti ndinkawayesa kazitape wofuna kundichotsetsa ntchito, ndi kuti bodzalo linali msampha. Za nyemba ndinanenanso, chifukwa ukayamba kusanza sumasankha. Sanandidule mawu. Nditamaliza anayang'ana kumunda nthawi yaitali, mvula ikugogoda pa malata.

"Nanga ana?" anafunsa. "Nawonso ali ndi zitatu?"

"Ndinawakonza mawa lake. Inu munali kumaliro."

"Ndiye bodzali munaphikira ine ndekha."

"Ee, adada."

"Pamaso pa alamu anga," anatero motsitsa, osati kwa ine.

Ndinalira, koma iwo sanandiuze kuti nditonthole, ndipo anachita bwino. Anatulutsanso kope lija n'kutsekula. Anadutsa tsamba la mtima, n'kuika chala pa mzere wina wofiira.

"Nanga apa? Munati mleme ndi mbalame. Mng'ono wanga akuti mleme umabereka, umayamwitsa, si mbalame. Umenewunso unali msampha?"

Ndinayang'ana tsambalo. Anali mawu anga enieni, olembedwa ndi zilembo zikuluzikulu zoima chilili, mwezi wathunthu msampha usanatcheredwe.

"Ayi, adada."

"Nanga apa, pamene munati mwezi uli ndi kuwala kwakekwake?"

"Ayi. Pamenepo sindinachite dala." Mawu anatuluka ngati a mwana. "Ndimadziwa choncho."

Manyazi a bodza lija anali aakulu, koma awa anandilowa mpaka m'mafupa. Miyezi yonseyi ndinkaopa kuti wina andipeza kuti sindidziwa, ndipo sindinaganizepo n'kamodzi komwe zopita kukafufuza ngati ndikudziwadi. Ana onse a kalasi yanga anali kumidzi kwawo ndi mleme wa mbalame m'makope, ndipo umenewo panalibe anaufufuta.

Bambo aja anatseka kope n'kuimirira. "Ndiye tilipo awiri," anatero. Anakankha njinga yawo mpaka kumsewu osatsanzika.

Lolemba ndinapita kusukulu nditalongedza kale mitima iwiri, wina wotsala, wina wa pa lole. Chinthu choyamba ndinauza ana kuti atsekule makope, tikonze za mleme ndi za mwezi, ndipo ulendo uno sindinanene kuti ndimakuyesani. Ndinati ndinalakwitsa. Njerwa inali yokha. Lachiwiri yokha, Lachitatu yokha. Ahedi akadutsa pakhomo la kalasi ndinkaleka kupuma. Mayi wa mandasi nditamufotokozera anati, "Mwadzipereka nokha ngati nkhuku ya alendo," ine ndinamufunsa kuti nyemba zija ankataya dzenje liti, ndipo chinansi chathu chinathera pomwepo.

Lachinayi m'mawa, belu lisanalire, ndikufufuta bolodi, ndinamva chifuwa chija. Taye inali pakhosi, zolembera zitatu m'thumba. Analowetsa dzanja pawindo n'kuika pa desiki buku lalikulu la sayansi, lachikuto chong'ambika, limene mng'ono wawo ankaphunzira ali ku sekondale.

"Muziyamba mwawerenga, asambizgi, musanatiuze. Lachisanu muzindibwezera, nane ndizionamo ngati mwanena zoona."

"Ahedi mwawauza?"

"Ndikawauza, ndiphunzira kwa yani? Windo la Sitandade 6 lili kumsewu, anthu azindiona."

Anakhala pa njerwa yawo. Kuyambira tsiku limenelo ndinapeza kazitape amene ndinkamuopa uja, weniweni tsopano. Lolemba lililonse ankabwera ndi mafunso. Apa buku likuti chakuti, inu munati chakuti, wolondola ndani? Nthawi zina ndinkapambana ine, nthawi zina buku. Sanandikhulupirirenso ndi maso otseka, ngakhale nditi mawa ndi Lachiwiri ankayamba aona pa kalendala. Bukulo linandivuta m'malo ambiri, moti chaka chomwecho ndinalembetsa maphunziro a pakalata kuti ndikhoze Fomu 4, ndipo makalata ake ndinkakatenga ndekha ku positi ya ku Katowo pa njinga yobwereka. Nditakhoza, munthu woyamba kumuonetsa satifiketi anali iwowo. Anaiwerenga yonse mpaka chidindo, kuitembenuza kuona kumbuyo, kenako anati, "Yewo, asambizgi, mwachita makora," kutanthauza kuti ndachita bwino.

Ahedi atayamba kundikweza makalasi, bambo aja anayenda nane mpaka Sitandade 7, windo ndi windo, ngakhale la kumsewu lija, njerwa yawo ataimangirira pa keriyala ya njinga. Ndaphunzitsa zaka zambiri chichokereni ku Hewe, ndipo mpaka lero sindilemba kanthu pabolodi ndisanatsekule buku. Za mtima uja sanazitchulenso n'kamodzi komwe, kwa ine kapena kwa ahedi. Koma Lachisanu lililonse ndikaweruka ndinkayang'ana pakhonde panga, ndipo nyemba sanabweretsenso.